Galu wa a Makina Wakana Kudya

"Lero ndi tsiku lachinayi," anatero a Nickson, akukankha ndi phazi mbale ya makaka, chinangwa chouma chophika. "Galu wokana chakudya mwezi wanjala uno, alamu, ameneyo sakulira maliro. N'chiwewe."

Galuyo, Sindiyankha, sanayang'ane n'komwe mbaleyo. Anagona pakhomo, mphuno italoza kanjira ka kuphiri, monga ankachitira chiikireni mbuye wake, a Makina, m'manda. Dzinalo anamupatsa ndi malemuwo, ndipo ku Nkhulambe konse ankadziwa kuti linali muvi wolasira akazi awo, a Rozaria, omwe pakamwa pawo sipankatera ntchentche.

A Nickson, mng'ono wa malemu, anabwera kudzatenga katundu. Mkamwini alibe munda, alibe nyumba. Zake ndi zokhazo zokwanira panjinga. Anali atamangirirapo kale wailesi, jekete ndi makasu awiri. Galu yekha ndiye anawasowetsa mtengo wogwira.

"Ndikanamutenga, koma akandilumire ana? Dzuwa likafika paliwombo asanadye, ndimumaliza ndi mpini. Sindingakusiyireni zoopsa pakhomo."

"Mwatenga ndi lumo lomwe lometera ndevu," anatero a Rozaria motsitsa mawu. "Chomwe mutisiyire n'mtembo wina?"

"Ndikukuthandizani, alamu. Mudzandithokoza."

Nkhani ya galuyu inayamba tsiku la Nyuwere. A Makina anali atabwerako kuchipatala ndi mawu a namwino: magazi akuthamanga, siyani kachasu, chepetsani mchere, muziyenda. Ena akamva zotere amabisa pansi pa mphasa. Iwo anaimirira pabwalo anthu akuwotcha nyama, n'kulengeza kuti chaka chino mowa basi, mchere basi, ndipo m'mawa uliwonse azikwera phiri asanalawe kanthu.

"Ndi bwana awa omwe," anatero, akuloza galu. "Tanenepera limodzi pachiwaya, tiwondera limodzi."

Anthu anaseka mpaka kutsamwa. A Rozaria anawakumbutsa kuti chaka chatha analumbira atagwira Baibulo, lumbirolo n'kutha Lachitatu.

Koma ulendo uno anasunga. Masabata asanu ndi limodzi, mvula kaya dzuwa, awiriwo ankanyamuka m'mimba muli gwa, makaka ophika atakulungidwa m'thumba, ati okadyera pamwamba. Kenako m'mawa wina a Makina anawerama kuti amange nsapato, sanadzukenso. Imfa sifunsa kuti unalumbira chiyani.

A Rozaria anayang'ana mthunzi wa nyumba. Unali ukufupika. Anakulunga makakawo m'tsamba la nthochi, analimbitsa chitenje, natenga ndodo ya amuna awo yomwe inali kuseri kwa chitseko. Ndodo itangogunda pansi, galu anadzambatuka.

"Ndodoyo ndi ya m'gulu la katundu," anatero a Nickson.

"Ndiibweza. Sindiidya."

Galu anatsogola, nthiti zikuoneka, miyendo ikuwayawaya. Anadutsa m'minda ya chimanga chachikasu chosowa feteleza, matope akuwavula a Rozaria patapata. Phiri linali litafunda mtambo. Iwo ankayembekeza chikweza, koma atafika pakamtsinje galu sanakwere. Anakhotera kumanzere, n'kuima, n'kuwacheukira.

A Rozaria anaidziwa njirayo. Inali ya kwa Mervis, mwana wawo yekhayo wamkazi. Zaka zitatu zapitazo anamupirikitsa atatenga mimba ya mwamuna wamwini, ndipo analumbira pamaso pa amayi a kutchalitchi kuti wa m'nyumba mwawo sadzapondako. Pamaliro Mervis anakhala kuseri kwa khitchini pamodzi ndi alendo, nachoka osapatsidwa moni.

"Wakuba iwe," anatero a Rozaria. Sizinadziwike ngati amanena galu.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Galu anakhala pansi, akuwefuka. Kubwerera kunali kumuperekeza kumpini. Anatukwana chamumtima, nakhota.

Kanyumbako kanali kofolera ndi udzu wakale, mbali ina katachirikizidwa ndi mtengo. Mervis anali pakhonde akusenda nandolo wouma wa chaka chatha, kamwana kake kakakazi, Atikonda, katatsamira pabondo pake. Onse awiri anali owonda. Galu anathamanga n'kukagwa pamapazi pawo, mchira ukusesa fumbi.

Mervis anaimirira, lichero lili m'manja.

"Ndabwera ndi galu," anatero a Rozaria, maso ali padenga. "Akukana kudya. Abambo ako aang'ono akufuna amuphe."

"Sangadye kumeneko, amayi. Amadyera kuno."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire Nyuwere. Ababa ankafika akupumira m'mwamba, n'kukhala pamwala apo. Ndinkawauza kuti mukadzamva kudzayaka moto. Iwo amvekere, namwino anandilembera kuyenda, sanatchule kolowera."

A Rozaria sanaseke. Anapereka tsamba lija. Mervis analitsegula, nanyema makakawo osayang'ana, monga dzanja linazolowera. Chidutswa choyamba anaponyera galu. Sichinafike pansi. Chachiwiri anapatsa mwana, chachitatu, chake, anaika palichero. Chachinayi, chachikulu, chinatsala m'dzanja lake, atalitambasulira kumwala wopanda munthu.



"Chawo sankadya," anatero Mervis. "Ankachilandira, n'kuchinunkhiza, n'kupatsa Atikonda. Ati namwino wawaletsa."

Dzuwa linali lisanafike paliwombo. Galu ankanyambita tsamba la nthochi, akulikankha ndi mphuno pabwalo ponse.

A Rozaria anatsamiritsa ndodo kukhoma. Anapita pamwala paja, nakhala pang'onopang'ono, mawondo akulira. Analandira chidutswacho m'dzanja la Mervis, anachiyang'ana, kenako anakodola kamwanako, komwe kankawasuzumira kuseri kwa chitenje cha amake.

"Bwera, tenga," anatero. "Nanenso wandiletsa."