Mizere Itatu ya Njerwa

Bawuti yoyamba inamasuka mosavuta, koma yachiwiri inakana. A Zakeyu anapukuta manja pa thalauza, n'kugwiranso sipanala. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda mkulu wawo, a Yakobe Zacharia, mphunzitsi wopuma wa sayansi ku Thambani, ndipo m'mawa umenewo abale anali atagawa katundu wa malemu.

A Yakobe anali mkamwini pamudzi wa akazi awo kwa zaka makumi anayi. Nyumba ndi munda zinali za akazi awowo, a Esime, palibe amene anatsutsa. Koma zida za mwamuna zimabwerera kwawo: khasu, nkhwangwa, njinga. Akuluakulu atafika pa telesikopu yoonera nyenyezi, imene inali m'kanyumba ka denga lotsetsereka kuseri kwa khola la mbuzi, anagwirizana kuti nachonso ndi chida, chipite kwawo kwa malemu, kwa Kanduku. Ndiyo imene a Zakeyu ankaimasula.

A Esime anakhala pamkeka pafupi ndi khomo la kanyumbako, mpango wakuda kumutu, manja pamiyendo. Mtima wawo wonse unali pa telesikopuyo, koma namfedwa sakangana ndi abale a mwamuna wake pa katundu dothi la kumanda lisanaume. Anamusiyira mawu mwana wawo Dyna, namwino wa ku Blantyre.

Dyna anafotokozera bambo ake aang'onowo kuti malemu sankangosirira kumwamba. Kuli maiko ozungulira nyenyezi zakutali, ndipo limodzi likadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwala kumachepa pang'ono zedi, ngati udzudzu wadutsa pa nyali yoyaka kutsidya kwa chigwa. Kamera ya pa telesikopu imagwira kuchepako, munthu n'kupeza mphindi yeniyeni imene dzikolo ladutsa, n'kutumiza kwa akatswiri akunja. Iwowo amawongola nazo ndandanda yawo, kuti makina awo aakulu asamataye maola kudikira mlendo amene wadutsa kale.

"Ndiye kuti achimwene anali kalaliki wa pa siteji ya minibasi zakumwamba," anatero a Zakeyu, akumwetulira pang'ono. "Uwalembere akatswiriwo, mwanawe, kuti kalaliki wawo wagona. Chidachi chikakhala pasukulu ya kwathu, ana azikaona dzina lake."

Sanali munthu wankhanza. Anali mmisiri womanga nyumba, wamtali ngati mkulu wake, ndipo ankafuna kuti kwawo kukhaleko kanthu ka munthu amene anachoka ali mnyamata.

Atawerama kachitatu pa bawuti ija, msana unawakumbutsa chinachake. Anaweramuka, n'kubwerera m'mbuyo mapazi awiri. Nsanamira imene telesikopuyo inakhalapo anaimanga okha zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mizere khumi ndi isanu ndi umodzi ya njerwa zowotcha, kufika pachifuwa cha mkulu wawo. Tsopano inkalekeza pamchombo. Anawerenga ndi chala kuyambira pansi, n'kupeza khumi ndi itatu. Simenti ya pamwamba inali yokhakhala, yopendekera mbali imodzi.

"Alamu," anatero, mawu atauma, "ndani anagwira ntchito yanga? Mmisiri wake ndi uti wopaka simenti ngati akuzira khola?"

A Esime anayang'ana mkeka. Kenako anayankha motsitsa kuti mmisiriyo anaikidwa m'manda Loweruka.

Zotsalazo anazinena pang'onopang'ono, ngati munthu womasula mtolo umene anaumanga wina. Matenda a shuga anayamba kuphimba maso a a Yakobe zaka zitatu zapitazo. Njira ya kutchalitchi ankaidziwa ndi mapazi, anthu ankawazindikira ndi mawu, motero abale a kwa Kanduku sanadziwe kanthu. Malemuwo sankafuna kumveredwa chisoni. Koma nyenyezi sizifufuzidwa ndi mapazi. Kuyambira pamenepo, woloza telesikopu, wowongola kamera ndi wowerenga manambala pa kompyuta anali a Esime, amuna awo atakhala pampando pangodya, akutchula mayina a nyenyezi ndi maola ake kuchokera m'mutu. Poti a Esime ndi aafupi, ankaponda pa ndowa yovundikira kuti afikire kagalasi kolozera. Tsiku lina ndowa inaterereka, bondo linatupa mwezi wathunthu.

"Kutacha anatenga chizulo ndi hamala," anatero a Esime. "Ndinati itanani a Zakeyu. Anati a Zakeyu akabwera aona maso angawa asanaone njerwa."

Dyna anatembenukira kwa amayi ake ngati akuwaona koyamba. Iye naye sankadziwa.

A Zakeyu anafunsa ngati akatswiri aja ankadziwa kuti akulandira ntchito ya yani. A Esime anati amuna awo anawalembera chaka chomwecho, ndipo makalata onse kuyambira pamenepo amabwera m'dzina la Esime. Ya sabata yatha inali yopempha kuti aone dziko lina limene lidutse Lachinayi likudzali, nthawi ya chakudya chamadzulo, pamene anzawo a kumpoto kwa dziko lapansi adzakhale asakuiona nyenyeziyo.

"Taimirirani, alamu."

Anaimirira, n'kusendera pafupi ndi nsanamira. Kagalasi kolozera kanali pa diso lawo penipeni, osawerama, osanyanyamphira.

A Zakeyu anatola bawuti yoyamba ija pansi, anaiuzira fumbi, n'kuibwezera pamalo pake. Akuimanga, a Esime anawauza mosadandaula kuti chidacho chasuntha kale, ndipo kuchilunjikitsanso kutenga masiku awiri ngati mitambo ilola. Dyna anafunsa kuti nanga akuluakulu akawauza chiyani.

"Ndikawauza kuti chida cha mwamuna ndachifuna m'kanyumba muno, sindinachipeze."

Anaika sipanala m'thumba, koma sanatuluke. Anayala dzanja pa simenti yokhakhala ija, akuisisita monga amachitira mmisiri pofuna kudziwa chimene mnzake anagwiritsa ntchito. Panalibe mzere wa chopakira ngakhale umodzi. Panali timigula tosaya, tinayi tinayi, tozungulira m'mphepete monse, mmene munthu anadutsitsa zala zake pa simenti yaiwisi pofuna kumva ngati yasalala. A Zakeyu analowetsamo zala zawo, ndipo zinakwana.