Kanthu Kamene Anandichotsa

Phudzi langa ndinakhala nalo zaka zisanu ndi zitatu osauza munthu. Linayamba ndikunyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Kanali kachotupa m'mphechepeche, kamene ndinkakabweza m'kati ndi chala ndikagona chagada. Ndinkangovala buluku lalikulu, basi. Koma mu Julaye 2004 kanakana kubwerera. Kanauma gwa, thupi linatentha, ndipo ndinasanza tiyi yense wa m'mawa.

Mkazi wanga anamwalira kale, choncho wondidikirira kuchipatala anali mwana wanga wamkazi, Jacinta. Zinalakwikira pamenepo. Mwana wamkazi sangakambe ndi bambo ake za kumusi kwa lamba.

Achipatala anandipatsa pepala, akuti la opareshoni ya phudzi. Ndinasaina ndekha, sindine wodinda chala, ndinafika Sitandade 4. Nditatsitsimuka ndinaona dokotala akuyankhula ndi Jacinta pakhonde. Mwanayo anabwera akuyang'ana pansi.

"Akuti bwanji?" ndinamufunsa.

"Akuti zayenda bwino, ababa."

"Nanga pansipo wataya chiyani?"

"Akuti anapezamonso kanthu kena. Achotsa."

"Kanthu kanji?"

"Komweko, ababa." Atatero anatuluka kukatsuka makapu oyera kale.

Mawu omwewo ndi amene Jacinta anauza amayi a kutchalitchi atabwera kudzandizonda: achotsa kanthu kena, komweko. Pamene ndinkatuluka m'chipatala, nkhani inali itafika kale kwathu ku Chinsapo. Azimayi ankandipatsa moni ndi mawu a pamaliro. Nditapita pa bawo, pafupi ndi chigayo, mnzanga Gwanda, amene kale ankapha mbuzi ku Mchesi, anandisunthira mpando mwaulemu wabodza.

"Khalani bwino, achimwene. Tamva kuti mwatsala ndi imodzi. Musapendekeke."

Onse anafa nacho chiseko. Ine ndinali nditawerenga kale ndekha kubafa, zonse zilipo ziwiri. Koma munthu wa imvi, wa zidzukulu, angavule buluku pa bawo?

Tsiku lochotsa ulusi ndinakana kudzuka pampando mpaka dokotala andiuze zoona. Anali mnyamata, tindevu tosakwana n'komwe. Anatenga cholembera n'kujambula papepala.

"Madala, aka ndi kathumbo kakang'ono, dzina lake apendikisi. Malo ake ndi m'mimba, kudzanja lamanja. Kanu kanatsetserekera m'phudzimo, n'kutupira momwemo, kanayamba mafinya. Tinakadula, kenako tinasoka pobowokapo. Zimenezi sizichitikachitika. Ine ndinayamba kuziona pa inu, moti ndinaitana anzanga adzaone."

"Ndiye munandionetsa ngati vidiyo ya pamsika, ine ndili chigonere?"

"Ayi madala, n'kuphunzira."

"Ndinasainira phudzi. Za kathumbo ndinasainira pati?"

"Tikanakasiya, bwenzi pano tikunena zina."

Onse amatero. Ndinamuuza kuti andipatse kathumboko ndikaone ndi maso anga. Akuti anakaika m'botolo n'kukatumiza kokayeza. Kanthu kanga, kochokera m'thupi mwanga, kakwera galimoto osanditsanzika. Amene anakalandira sindimudziwa, ndipo zimene anachita nako sanandiuze mpaka lero.

"Chabwino," ndinatero, "lembani m'buku langa la kuchipatalali kuti zinazo zilipo zonse."

Anaseka, koma analemba mizere itatu m'Chingerezi, zilembo ngati mapazi a nkhuku.

Madzulo ake ndinapita nalo bukulo pa bawo. Ndinalipereka kwa a Jones, amene anagwirapo ntchito ya umesenjala m'boma. Anavala magalasi, analiyandikiza, analitalikitsa.

"Apa pakuoneka ngati a-pe-ndi-ki-si. Zinazi sindikuziona."

"Eya," anatero Gwanda, "kani pa Chingerezi amazitchula choncho?"

"Ndi kathumbo, iwe!" ndinakalipa. "Kathumbo ka m'mimba!"

"Kathumbo?" Gwanda anasiya nkhomo zimene anagwira. "Achimwene, ine ndasenda mbuzi zaka makumi awiri. Sindinapezepo thumbo kumeneko. Thumbo likatani m'kabudula?"

Ndinafuna kuwajambulira pansi monga anachitira dokotala uja, koma ndinaiwala kuti kathumboko kanadzera pati. Ndinangojambula mzere wokhota, Gwanda n'kuwonjezerapo kabwalo kamodzi pambali pake. A Jones anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinalanda buku langa n'kubwerera kunyumba. Jacinta anali pakhonde akusita. Ndinafuna kumuuza kuti apite kwa amayi aja akanene bwinobwino chimene chinachotsedwa ndi chimene chinatsala. Ndinaima pamenepo, iye akudikira, makala akuzima m'simbi. Ndikanayamba ndi mawu ati, kwa mwana wanga?

"Mukufuna kanthu, ababa?"

"Madzi," ndinatero.

Masiku ano ndikafuna sopo ndimazungulira njira ya kumpopi, yaitali, kuti ndisadutse pa chigayo.