Chiwindi Cholimba cha a Chitsulo

A Chitsulo anabwera kuchokera kuchipatala akuyenda ngati munthu amene wawina mlandu. Atafika pageti la nyumba yawo, geti lomwe anawotcherera okha, analimenya ndi chikhatho mpaka linalira.

"Mayi, tulukani mudzamve! Mwandivutitsa chabe miyezi yonseyi. Adokotala anena ndi pakamwa pawo kuti chiwindi changa chalimba!"

Akazi awo anatuluka manja ali thovu lokhalokha, poti ankachapa. Anayang'ana amuna awo, kenaka anayang'ana kabotolo ka mapiritsi kamene kanali m'thumba la malaya.

"Chalimba? Nanga mankhwalawo akupatsirani chiyani, bambo?"

"Aaa, kuchipatala safuna munthu abwerere chimanjamanja. Mankhwala ndi a anthu ofooka."

Anaponya kabotoloko pamwamba pa kabati, nasamba, n'kupita kubala kukasangalala ndi anzawo.

Dzina loti Chitsulo anawapatsa ndi anthu chifukwa cha ntchito yawo yowotcherera. Mageti, mabedi, mafelemu a mawindo, zonse zinkatuluka m'shedi mwawo. Akamaliza chinthu ankachigwedeza ndi manja awiri n'kunena kuti, "Chalimba ichi!" Kwa iwo panalibe mawu ena oyamikira oposa amenewa. Tsono adokotala atangotchula mawu akuti kulimba, makutu a bambowa anatsekeka ndi chimwemwe. Zonse zimene zinanenedwa pambuyo pake, za kachilombo, za mowa, za tsiku lobwereranso, zinangowadutsa.

Akazi awo sanasangalale nawo. Iwo ndi amene ankaona kuti bambo akutopa dzuwa lisanafike pamutu, akusiya chakudya m'mbale, ndipo akakhala pansi amagwira pansi pa nthiti za kumanja. Iwo ndi amenenso anadwazika alamu awo, mkulu wa a Chitsulo, amene anamwalira mimba itatupa, maso ali chikasu, akusanza magazi. Anthu anati anawalodza. Mayiwa ankangodziwa kuti matendawo anayamba ndi kutopa komweku, ndipo mantha ankawadya.

Patapita masabata angapo, kabotolo kaja kali fumbi lokhalokha, mayiwo anakatenga n'kupita nako kwa aneba awo, mayi wachikulire amene anagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma. Aliyense ankangowatchula kuti Anesi. Atawerenga dzina la mankhwalawo, Anesi anavula magalasi.

"Ndiye akuti sakumwa?"

"Akuti chiwindi chawo n'cholimba, adokotala anawauza."

"Mayo ine! Mawu amenewa atiphera munthu. Musamutsutse kunyumba, angokukalipirani. Ndili ndi mpando wothyoka mwendo, mawa ndipita nawo kushedi."

M'mawa mwake Anesi anafikadi ndi mpando wawo. A Chitsulo anaugwira pang'ono chabe, moto n'kuthetheka, kenaka anaugwedeza.

"Walimba uwu, Anesi. Ngati chiwindi cha mwini shedi."

"Ndamva mbiri yake," anatero Anesi. "Tabweretsani mkono wanuwo."

Pamkono wa a Chitsulo panali chipsera chachikulu cha moto, cha kalekale akuphunzira ntchito. Anesi anachidina ndi chala, kenaka anadina khungu la pambali pake.

"Apa ndi apa, polimba ndi pati?"

"Pachipserapo."

"Pamamera ubweya? Pamatuluka thukuta? Ndikakutsinani mukumva bwinobwino?"

A Chitsulo anapukusa mutu.

"Ndiye kulimba kumene ananena adokotala n'kumeneku, achimwene. Chiwindi chabwino chimakhala chofewa. Chanu chavulala kwa zaka zambiri, ndipo paliponse pamene chavulala pakutsala chipsera. Mankhwala anakupatsani aja ndi a kachilombo kotupitsa chiwindi, kotchedwa hepataitisi B. Anthu ambiri amakatenga ali makanda, n'kukula nako osadziwa. Kachilomboko kakudya mbali iyi, mowa ukudya mbali inayo. Zipsera zikadzadza chiwindi chonse chimasiya ntchito. Mimba imatupa, maso amachita chikasu."

A Chitsulo anaika chowotcherera pansi. 

"Ngati malemu achimwene anga aja?"

"Sindinawayeze, sindinganene motsimikiza. Koma zizindikiro zinali zomwezo."

Munthu wamkulu, wa mapewa ngati chitseko, anakhala pa ndowa yovundikira. Zinali zomvetsa chisoni kumuona.

"Ndiye basi, ndapita?"

"Ndani wanena zimenezo? Mukuwotcherera, mukuyenda, mimba sinatupe. Bwererani kuchipatala. Ndamva kuti kuli kafukufuku wa matenda omwewa."

"Ayi, ayi, Anesi. Kafukufuku ndiye ayi. Andiyesere mankhwala ngati khoswe? Ndinamvanso kuti amakubaya chisingano chachitali n'kudula kanyama ka chiwindi."

"Kafunseni nokha. Pakamwa muli napo, mumatisokosera napo tsiku lililonse. Mukapanda kukhutira mukakane, palibe angakumangeni."

Anapita, ndipo ulendo uno akazi awo anawaperekeza. "Makutu anu amasankha zomva," anatero mayiwo, "ndiye ine ndikatola zimene mukagwetse."

Anawalowetsa m'kachipinda kokhala ndi bedi lopapatiza ndi makina a sikirini pa kathebulo ka mateyala. Dokotala wa kafukufukuyo anali mayi wachitsikana woyankhula mosathamanga. A Chitsulo atafotokoza mmene anamvera mawu aja, dokotalayo sanaseke.

"Simuli nokha, bambo. Tikamati chalimba, ena amamva ngati tikuwayamikira. Tiyenera kumanena kuti chachita zipsera. Tsopano funsani chilichonse."

"Mundibaya chisingano chija?"

"Ayi. Njira imeneyo ilipo, ndipo nthawi zina imafunika, koma kafukufuku wathu ndi wa njira ina. Makinawa amagogoda pang'ono pakati pa nthiti n'kuyeza kuti chiwindi chauma bwanji. Timatenganso magazi pang'ono pamkono. Tikufuna kudziwa ngati kuyeza kotereku, kobwerezabwereza, kungatiuze msanga amene mankhwala akumuthandiza ndi amene akufunika chithandizo china."

"Nanga mankhwalawo ndi oyeserera?"

"Ayi, ndi odziwika kale, akumwa anthu ambiri. Mulowe m'kafukufuku kapena musalowe, mankhwala mulandirabe. Mukalowa n'kusintha maganizo, mutha kutuluka tsiku lililonse."

A Chitsulo anayang'ana akazi awo. Mayiwo anagwedeza mutu, ndipo bambo anavomera. Anagona chagada, dzanja lamanja kumutu. Dokotala anapaka mafuta ozizira panthiti, nagunditsa kachipangizo kooneka ngati tochi. Kanagogoda, *du, du, du,* mosapweteka n'komwe.

"Basi? Komatu ntchito yanuyi ndi yanga yomwe," anatero a Chitsulo. "Inenso chitsulo ndimachigogoda kuti ndimve ngati chili ndi mng'alu."

Dokotala anamwetulira, koma atayang'ana pa sikirini nkhope inasintha.

"Ndikuuzani zoona. Zipsera ndi zambiri, mwafika pafupi ndi pamene chiwindi chimayamba kulephera. Koma simunafikepo. Mukamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, mowa n'kuusiyiratu, osamwanso zitsamba kapena mapiritsi ogula mwachisawawa, chiwindi chimatha kudzikonza. Sindingalonjeze kuti chifika pati. Chimene ndikudziwa n'chakuti mukapitiriza mmene mumachitiramu, chilephera."

Tsiku lomwelo mayi anayezetsa magazi, ndipo sabata yotsatira anabweretsa ana. Onse anapezeka opanda kachilomboko. Amene analibe katemera anabayitsa.

Kumwa piritsi m'mawa uliwonse sikunavute, poti mayi analiika pafupi ndi kapu ya tiyi. Chovuta chinali kudutsa pabala. Njira yochokera kushedi inkadutsa pakhomo pake penipeni, ndipo anzawo aja sanawasiye.

"Taonani, chitsulo chachita dzimbiri!"

"Akulu, mayi akunyumba akukuwerengerani masitepe kodi? Bwerani, limodzi lokha!"

Tsiku lina analowadi. Botolo linatsegulidwa, thovu likusefukira, iwo n'kuligwira. Kenaka maso awo anagwera pa chipsera cha pamkono chija. Analibweza botololo kwa amene anagula, natuluka anthu akuwakuwiza. Kuyambira pamenepo anayamba kuzungulira njira yakuseri kwa msika, yaitali komanso yamatope nthawi ya mvula.

Atapita kukayezedwanso patatha miyezi ingapo, makina anaonetsa kuti palibe chasintha. A Chitsulo anapsa mtima.

"Ndiye ndavutikiranji? Anzanga ndataya, njira ndikuzungulira, chiwindi chili pomwepo!"

"Chili pomwepo, eya," anayankha dokotala. "Kwa zaka zambiri chinkaipiraipira, lero chaima. Kachilombo m'magazi katsika kwambiri. Zipsera sizinabwere tsiku limodzi, sizichokanso tsiku limodzi."

Akazi awo anawagwira bondo. "Mwamva zonse, bambo, kapena nditole?"

"Ndamva," anatero a Chitsulo, akuseka monyinyirika.

Anapitiriza. Chilakolako cha chakudya chinabwerera, mpaka mayi anayamba kudandaula kuti poto wachepa. Kushedi ankagwira ntchito mpaka madzulo osakhala pansi. Pa tsiku lawo loyezedwa ankafika msanga, ndipo akaona munthu watsopano pabenchi akuopa mawu oti kafukufuku, ankamusendera pafupi, n'kupinda mkono wa malaya kumuonetsa chipsera. Mmodzi mwa amene anawafotokozera choncho anali mnzawo wa kubala, yemwe uja ankakuwa za dzimbiri.

Zaka zingapo zinadutsa. Tsiku lina mayi sanathe kuwaperekeza chifukwa kunyumba kunali alendo. Dokotala anagogoda panthiti monga mwa masiku onse, nayang'ana pa sikirini, nabwerezanso kuti atsimikize. Kenaka anatembenuzira sikiriniyo kwa a Chitsulo, n'kuwaonetsa mzere wa zoyeza zawo zonse kuyambira tsiku loyamba. Mzerewo unayamba pamwamba, unayenda chopingasa, kenaka unatsetsereka.

"Bambo, kachilomboko sikanathe, ndipo mankhwala musasiye. Kuyezetsa tipitiriza. Koma pangozi paja mwachokapo. Chiwindi chanu chafewa. Ndipo zotsatira zanu, pamodzi ndi za anzanu onse a m'kafukufukuyu, zitithandiza kusamalira odwala ena amene sitinawaone n'komwe."

A Chitsulo sanadikire minibasi. Anayenda wapansi, ndipo anadzera njira ya pabala, mutu uli m'mwamba. Atafika pageti lawo analimenya ndi chikhatho mpaka Anesi anasuzumira pampanda.

"Mayi, tulukani mudzamve! Chafewa! Chiwindi changa chafewa!"

Alendo anayang'anana, osamvetsa kuti munthu angakondwere bwanji ndi nkhani yotere. Koma mayi anakhala pansi pakhonde pomwepo, nalira, kenaka naseka, misozi ili mbwembwembwe. Anesi analulutira kuseri kwa mpanda.

Mpaka lero a Chitsulo akamaliza geti amaligwedeza n'kunena kuti chalimba. Koma kasitomala akachedwa pang'ono m'shedimo samusiya apite asanamve uthenga wawo, ndipo uthengawo ndi womwe tikukupatsani inu. Matenda a chiwindi amayenda mwakachetechete, choncho kayezetseni hepataitisi B musanadwale, ndipo ana abayitse katemera. Akakupezani ndi zipsera za chiwindi, imwani mankhwala monga akuuzirani, siyani mowa, ndipo musaphonye tsiku loyezedwa. Akakupemphani kulowa m'kafukufuku, funsani mafunso onse, kenaka musankhe nokha mopanda mantha. Ndipo adokotala akanena mawu, ngakhale omveka okoma, musatuluke m'chipindamo musanafunse kuti akutanthauza chiyani.

"Geti likhale lolimba," amatero a Chitsulo, akupukuta thukuta. "Chiwindi chisiyeni chifewe."