Dzina la Mlamu mu Filimu ya ku Koreya

Perpetua analowa m'kashopu ka mlongo wake Bruce ku Kabwata, mu Lusaka, osaodira n'komwe, n'kuzimitsa sipika.

"Vala shopu. Ba mulamu bako bafuna kukuona."

Bruce ankamasulira mafilimu achilendo. Chikoreya sankachidziwa ngakhale moni, koma ankangoyang'ana nkhope n'kumalankhula za m'mutu mwake, anthu n'kumakopera m'mafoni. Mayina opotola lilime ankawataya n'kuika akwathu.

Tsono paukwati wina, a Mulubwa, amuna a Perpetua, anamuseka pagulu kuti munthu wandevu sangamadye za kubwebweta pa filimu. Bruce anaseka nawo, koma anasunga chakukhosi. Posakhalitsa inabwera filimu ya bambo wosaka chigawenga chimene chinamuphera mwana. Chigawengacho chinali ndi dazi ngati la mlamu wake, ndipo Bruce anachitcha "Ba Mulubwa ba ku Chelstone", kutchula ndi dera lomwe mlamuyo ankakhala. Filimuyo inagwira msika.

"Poyamba makondakita banali kungoseka," anatero Perpetua ali m'minibasi. "Manje bena banamvelako chabe ati Mulubwa amapaya bana, filimu sibanaione. Dzulo pa maketi bachakolwa bamutema botolo."

Bruce ankafuna kuti mlamu wake amve kuwawa kwa kusekedwa basi, za magazi sanaziganize.

Atafika kunyumba, anapeza a Mulubwa ali pabalaza, bandeji pamwamba pa diso. Bethany, mwana wawo amene nthawi zonse ankathamangira amalume ake pageti, anasuzumira pakhomo n'kubwerera kuchipinda.

"Nkhalani, mulamu. Mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero a Mulubwa akusisita dazi lawo. "Lusaka yonse yaona filimu yanga, ine neka ndiye nikalibe kuiona. Tiyeni tione pamodzi."

Kukalipiridwa kukanakhala bwino. Bruce anakhala pampando kumvetsera mawu ake omwe akutuluka mu TV, ndipo sanawamvepo akunyansa chonchi. Bambo wa mu filimu anachipeza chigawenga chija m'nyumba yosungiramo nsomba, anachimanga pampando n'kutulutsa hamala. Magazi anathovukira kukhoma. Pamenepo mawu a Bruce anali pachikondwerero: "Mupatse ina! Pa dazi pamene apo! Aseke futi tione!"

Perpetua anadzuka n'kupita kukhitchini. Bruce anaweramira pansi ndi manyazi.

Chakumapeto, bambo uja anabwerera kunyumba kwake, anakhala pansi m'chipinda cha mwana wake n'kulira. Ankalankhula motsitsa, koma Bruce anali ataphimbapo ndi kulengeza nambala ya foni ya shopu yake.

A Mulubwa anaimitsa filimu.

"Apa akamba chani?"

"Sinidziwa, mulamu."

"Wamupaya mudani wake, nanga alilila chani?"

Filimuyo Bruce anaionera kambirimbiri, koma apa sankayang'anapo.

"Ine ninalakwa paukwati paja, nivomela," anatero a Mulubwa. "Chilonda ichi chizapola. Koma Bethany wakana kuyenda kusukulu. Banzake bamufunsa ngati atate bake bazamupaya nayenso."

"Nizamasulila futi, nichosemo dzina," anatero Bruce.

"Muzalowa mu foni ya aliyense?"

Bruce anadzuka n'kukaima pakhomo la chipinda cha mwanayo.

"Bethany, ni ine ankolo. Zija ni zabodza, ninangopeka ine. Mailo kukacha nizabwela kusukulu kwanu, nikakambe pamaso pa banzako bonse."

Kenako mawu aang'ono anamveka kuseri kwa chitseko.

"Nanga pamene benze kubamenya ba dadi mu filimu, imwe munali kusekelela chani?"

Chitseko sichinatseguke.