Mpango wa Anselmo

Nélida sanafune kupitako. Zaka zonse zimene anakhala mu Buenos Aires akukolopa m'nyumba za eni, sanapondeko ku nyumba yoonetseramo zinthu zakale za nkhondo, ndipo pakanapanda mayi ake akanafa asanapondeko. Koma mayi akewo, a Clementina, ngakhale miyendo inawakana kalekale, pakamwa ndiye panali pabwinobwino. Anaimba kuchokera kwawo ku Mercedes, pa foni ya a Petrona oyandikana nawo nyumba.

"Ndauona pa kanema, Neli. Mpango wa Anselmo. Auika m'galasi."

"Amayi, mipango ija inalukidwa ndi dziko lonse."

"Dziko lonselo linaluka ndi ubweya wa nkhosa za bambo ako? Usandiyankhe ngati ukuyankha mwana. Pita ukandijambulire."

Anselmo anali mlongo wake wa Nélida, wopondana naye. Anamutenga usilikali ndevu zisanamere, n'kumutumiza kunkhondo ya ku zilumba zozizira za Malvinas mu 1982, mnyamata wa dziko lotentha amene chibadwire anali asanavalepo majuzi awiri. Sanabwereko. Nkhondo itangoyamba mayi ake anamulukira mpango wa m'khosi, n'kukaupereka kutchalitchi pamodzi ndi ya azimayi ena kuti itumizidwe. Anzake a Anselmo atabwerako ankasimba za chisanu chodula zala, koma a Clementina ankangoti, "Wanga anali ndi mpango." Ankanena molimba, komabe Nélida ankadziwa kuti mumtima analibe umboni. Mayi akewo anakalamba ndi funso limodzi lokhalo, ngati mpango unafika.

Nélida anapita Lachiwiri, tsiku limene sagwira ntchito. Munalibe munthu m'nyumbamo, kupatula bambo wina wadazi woyang'anira pakhomo, amene ankayamwa tiyi wa kumeneko wotchedwa mate, fulasiki ali nayo m'khwapa.

"Kujambula jambulani, mayi, koma osawalitsa. Kuwala kumawononga nsalu."

"Foni yangayi ikawala ndiye kuti yapsa," anatero Nélida.

Bamboyo anaseka pang'ono n'kubwerera ku mate wake.

Chipinda cha Malvinas chinali kumapeto, ndipo Nélida sanafulumire. Anajambula mzinga wakale. Anajambula malupanga, zishalo za akavalo, ndi chidole chovala yunifolomu chimene mphuno yake inasupuka. Zonsezi ankajambulira ndani? Mwamuna wake anapita kalekale, mwana wake ali ku Spain ndipo amaimba pa Khirisimasi. Kunyumba kwake kunali iye ndi wailesi basi. Ankangojambula kuti achedwe, ndipo nsapato zake zinkalira pa simenti mochititsa manyazi.

M'chipinda chomalizacho munali zipewa zachitsulo, majombo ong'ambika, mapoto opindika, ndi korona wina woduka. Mpangowo unali pakona ya bokosi lagalasi, wopindidwa bwino, wodera ndi mizere iwiri yoyera. Sanafunike kuuyang'ana kawiri. A Clementina ndi amanzere, ndipo maluko awo amapendekera mbali imodzi, moti juzi iliyonse imene Nélida anavala ali mwana inkakokera kuphewa. Nkhalamba ija sinaname, unali womwewo.

Kenako anaona kansalu kofiira. Kwawo aliyense wopita ulendo amatenga kansalu kofiira ka Gauchito Gil, woyera wa anthu osauka, kuti kamuteteze panjira. A Clementina anamanga mpangowo ndi kansaluko, kuti Anselmo akamasula adzimange nako padzanja. Kanali kakadali pamenepo, kozungulira mpango, ndi mfundo ya mayi ake yomwe ija, yobwereza kawiri, nsonga zolowetsa pansi.

Woyang'anira uja anali atabwera kumbuyo kwake, mwina naye kutopa ndi kukhala yekha.

"Umenewo unachokera kuti?" Nélida anafunsa.

"Umenewo? Anaupeza m'nyumba ya katundu padoko lina kummwera, nkhondo itatha kale. Mitolo yambirimbiri, mayi. Mipango, masokosi, chokoleti. Sizinawoloke nyanja n'komwe." Anayamwa mate. "Mumaudziwa?"

"Mungatsegule galasili pang'ono?"

"Ine? Makiyi amakhala ndi akuluakulu. Ine ndimangoletsa ana kunyambita galasi."

Anadikira kuti mayiyo aseke. Ataona kuti sakuseka anachoka mwakachetechete.

Nélida anatsala yekha ndi bokosi lija. Anakwiya kwambiri, koma panalibe womukwiyira. Kenako mkwiyo unatha n'kutsala mantha, pakuti mayi ake anali kudikira ndi foni ya eni m'manja. Anaganiza zowajambulira mpango wokha, popanda kansalu kosamasulidwa kaja. Anajambula ataima, m'chithunzi munatuluka nkhope yake yomwe, yotopa, itaphimba mpango wonse. Anasendera kumanja, nyali ya kudenga inalowerera. Pomaliza anagwada pansi, mawondo akulira, n'kujambula chakumbali, pamene mizere yoyera inkaoneka bwino ndipo chofiira chinabisika kuseri kwa poto. Anatumiza chimenecho.

Foni inalira asanadzuke n'komwe.

"Ndi womwewo," anatero a Clementina. Ankapuma mothamanga. "Ndinakuuza. Waona mizere? Ubweya woyerawo unali wa nkhosa yopunduka ija."

"Ndaona, amayi."

"Kansalu kali kuti?"

"Sikakuoneka."

"Neli, ndinakubala ndine. Wajambula mokhota dala. Imirira ujambule pamwamba."

Nélida akanatha kunena kuti batire latha. Anaganizadi zotero, koma mayi ake sananamizikepo chiyambire. Anaimirira, anatchinga nyali ndi chikwama, n'kujambula pamwamba. Mfundo inatuluka bwino kuposa china chilichonse chimene anajambula tsiku limenelo.

Pa foni ankamva nkhuku za kwawo, ndi mawu a a Petrona akufunsa chapatali ngati abweretse madzi.

"Sanamasule," anatero a Clementina. Mawu awo anali atachepa ngati a mwana. "Ndinamanga kwambiri. Bambo ako anandiuza kuti mfundo zanga zimafuna mpeni. Zala zitauma ndi chisanu akanamasula bwanji? Mpango uli m'manja, mwana akuzizidwa. Ndine ndinachita zimenezi, Neli."

"Amayi, ayi."

"Ndikanangomanga kamodzi."

Nélida anatsamira galasi ndi dzanja, ngakhale chikwangwani chinkaletsa. Iye ankafuna kubisa kuti mpango sunafike, ndipo tsopano mayi ake anali atadzipezera choipa choposa pamenepo. Akangokhala chete, a Clementina akagona nacho mpaka kumanda. Panalibe mlongo woti amuthandize kunena, panalibenso bambo. Anali yekha m'chipinda cha majombo a ana a eni.

"Amayi, mverani. Sunafike. Unatsala padoko ndi mitolo ya anthu ena, sunakwere chombo. Anselmo sanaugwire n'komwe. Mfundo yanu sanaione."

"Wakuuza ndani?"

"Osunga pano. Anaupeza nkhondo itatha."

"Sukundinamiza kuti ndileke kulira?"

"Ndakunamizani kamodzi lero, mwandigwira. Apa ayi."

Nélida anamva bedi lachitsulo la a Clementina likulira, akutembenuka.

"Ndiye kuti anali khosi pamtunda."

"Inde, amayi."

Nélida anadikira kulira kwa mayi ake, koma sikunabwere. Kutsogolo woyang'anira uja anakoka mpando.

"Njenjete sizinaudye?" anafunsa a Clementina.

Nélida anayang'anitsitsa. Panalibe bowo ngakhale limodzi.

"Ayi. Uli ngati mwauluka dzulo."

"Ndinaluka ulusi uwiri pamodzi," anatero mayi ake. "Mpango ujatu ukanamufunditsa."