Mbuzi Yomaliza ya a Tanuf

"Ukabweranso nawo mawa azungu akowo, mumphikamo ulowamo ndiwe!"

Anali a Sadiya amenewo, akukalipira mwana wawo Salmin, chala chili m'maso. Salmin anangokhala pamwala n'kumapukuta fumbi kumaso, poti mawu amenewa anali atawamva mpaka makutu kuchita dzanzi.

Ntchito yake inali yoyendetsa alendo odzaona chilumba. M'mawa kukawatenga kutauni ya Hadibo, kukwera nawo kumapiri kukaona mitengo yathu ija yotuluka utomoni wofiira, kenako kuwalowetsa pakhomo pa munthu kuti aone mmene anthu amakhalira, dzuwa likamafika paliwombo n'kukhala atawabweza kuhotela. Ndiye khomolo n'kusankha la makolo ake. Nzeru zimenezo! Ngati kuti bambo ake, a Tanuf, sankawadziwa.

A Tanuf, mlendo akangoponda pakhomo, mpeni uli kale m'manja. Ndi mmene analeredwera. Tsono alendo a Salmin ndi anthu achangu. Kumwa tiyi, kujambula mphika, kujambula nkhalamba, kujambula ndi mphaka yemwe, basi m'galimoto. Mbuzi ikamasendedwa, eni nyama ali kale kuseri kwa phiri.

Mkuluyo anayamba kumapha akangoona fumbi la galimoto kumunsi. Sizinathandize. Ena ankati sadya nyama. Mayi wina wachipewa chachikulu ataona chikopa pampanda analira ngati wafedwa. Khola linkangophwa, mpaka munatsala imodzi yokha, yakuda, yong'ambika khutu, imene inkapatsa a Sadiya mkaka wa m'tiyi.

Salmin anawapeza bambo ake kukhola komweko. Anapatsana moni wogundanitsa mphuno monga mwa nthawi zonse.

"Baba, anthu aja si alendo ayi. Ndi ongodutsa. Tiyi yekha akwana."

"Ongodutsa amadutsa kumsewu. Walowa pakhomo panga ndi mlendo."

"Nanga ikatha iyi mudzapha chiyani?"

"Adzapha ine," anayankha a Sadiya ali kumoto. "Koma mnofu wanga ndi wolimba, mano awo adzatsalira momwemo."

A Tanuf anachita ngati sanamve. "Iwe ukufuna kumsika azikanena kuti Tanuf amalandira anthu ndi madzi otentha ngati Ubeid?"

Ubeid ameneyu anali mng'ono wawo, wokhala tsidya la khwawa, makomo kuyang'anizana. Munthu woumira moti mphaka wake anasamuka yekha. Abale awiriwa ankangopatsana moni wa m'mano chikanganirane za mitengo ya kanjedza imene bambo awo anasiya.

Kutacha Salmin anadzaza galimoto ndi alendo. Msana ukuwawa, maso ali lende. Pamitengo paja ananena zomwe amanena tsiku lililonse, pakamwa pakungoyenda pokha, mutu uli kukhola. Wina anafunsa ngati utomoniwo ndi magazi enieni. Iye anaseka, poti ntchito ndiyo imaseka.

Atayandikira pamphambano anawaona bambo ake ali chilili pamwala, atavala nsalu yochapa, mbuzi ija atayimangirira pafupi. Mkuluyo anakweza dzanja. Salmin anayang'ana kutsogolo, n'kuponda mafuta, n'kukhotera kwa a Ubeid. Dzanja lija linatsala m'malere.

Kwa a Ubeid zinayenda ngati madzi. Akazi awo, a Raisa, anatulutsa tiyi wopanda mkaka ndi zipatso za kanjedza zouma ngati miyala, alendo n'kumayamikira. Anawakhazika pansi, kuwagwiritsa dongo kuti aumbe timiphika tofukizira lubani. Anthu akuluakulu, matope mpaka m'zigongono, kusangalala ngati ana. Anachedwa kumeneko kuposa masiku onse. Salmin anatsamira khoma n'kupuma. Akalipe akalipe mkuluyo, bola mbuzi ili moyo.

Ndiye anaona utsi tsidya lija.

Utsi wa tiyi amaudziwa. Umenewu sunali wa tiyi.

"Tiyeni, tiyeni, nthawi yatha!" Koma alendo osadzuka, wina akufuna madzi osamba m'manja, wina kamphika kake kaphwasuka akuyambiranso. Mmene ankakwera galimoto, a Tanuf anali akutulukira m'khwawa muja, wefuwefu, thireyi ili pamutu, nyama yowotcha pamiyala ikutuluka nthunzi. Anayitula pakhomo pa mng'ono wawo, osayang'ana mwana wawo n'komwe.

"Alendo a m'banja muno sachoka ndi njala," anatero, "ngakhale atasochera kwa woumira."

"Achimwene, mwadzivutitsa," anatero a Ubeid, akupinda kale manja a malaya.

Alendo anajambula thireyi. Mmodzi anatsina kachidutswa, n'kugwedeza mutu kuti n'kokoma, ena akuyang'ana mawotchi. Salmin anayimirira pamenepo kiyi ili m'manja, akuyang'ana nthiti za mbuzi ya mayi ake. Analibe mphamvu ngakhale yokwiya. Anatseka zitseko n'kutsika nawo phiri, ndipo njira yonse sanalozeko mtengo ngakhale umodzi.

Nyama ija inathera kwa a Ubeid, mpaka mafupa kuswa. Thireyi anayibweza yosatsuka, ndiye a Sadiya chiyambire tsikulo sayankhula ndi a Raisa. Sayankhulanso ndi amuna awo. Tiyi wakuda amangowayikira pansi, kugu, n'kutembenuka. A Tanuf sayankhula ndi Salmin, ati mwana wodutsitsa alendo pakhomo pa bambo ake fumbi lili koboo si mwana. Salmin naye akafika amapatsa moni mayi ake okha, mayiwo n'kumuyankhira m'mphuno. Amene akuyankhula ndi aliyense ndi a Ubeid. M'mawa uliwonse amakuwa ali tsidya lija kufunsa achimwene awo ngati adzuka bwino, ndipo a Tanuf sayankha.