Amene Ankayankha Dzina la Kalinde

Trevor Kalinde anatsika pa kabaza msana ukuwawa. Fumbi la ku Ndunde linali m'mano. Nsapato zake za ku Limbe zinali zitafiira ngati njerwa.

Anali atatopa ndi kufunsa. Anafunsa ku Mbombwe, kumene agogo ake aamuna anakwatira ndi kuikidwa. Anafunsa kutchalitchi. Anafunsa nkhalamba za pamsika. Yankho linali limodzi: "A Kalinde tinkawadziwa. Anali a Kalinde basi."

Ulendowu sanaufune. Anamutuma ndi bambo ake, a Frackson, amene anali chigonere m'chipatala ku Nguludi, chifuwa chikuwamaliza. Banja linali litagula simenti yomangira chiliza pamanda a agogowo. Mmisiri anali atafika kale. Kenako a Frackson anakana.

"Musalembe Kalinde," anatero, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Tsiku lomwe tinkawaika bambo, mkulu wina wa Chilomwe anandinong'oneza kuti amene tikumukwirirayu si Kalinde. Ndinaopa kufunsa. Masiku amenewo kufunsa kunkasowetsa anthu. Pano matipate anabwera, aliyense akulankhula. Kandipezere dzina la bambo anga ndisanawatsatire."

Dzulo lake ndi pamene a Frackson anakumbukira za nandolo. Chaka chilichonse, anatero, munthu wina wa ku Ndunde, dzina lake Jeremiah, ankabwera kwa bambo awo ndi dengu la nandolo. Sanali m'bale. Sankagulitsa. Ankangotula n'kubwerera.

Trevor anawapeza a Jeremiah kudimba. Anali nkhalamba yowonda, yopindika, ikumangirira matimati ku timitengo ndi luzi.

"Odi kuno, agogo."

"Odini," anayankha osatembenuka. "Ndinu a feteleza kapena a chipani? A feteleza bwerani. A chipani dikirani ndimalize mzere."

"Ndine mdzukulu wa a Kalinde a ku Mbombwe."

Manja a nkhalambayo anaima. Inamuyang'ana kuyambira kumutu, n'kutsika mpaka kunsapato.

"Mphumi ndi yomweyo," inatero. "Khalani pansi, adzukulu. Thalauziyo yada kale, musaimvere chisoni."

Trevor anakhala pa mzere. Anafotokoza mwachidule. Chipatala, simenti, mmisiri wodikira. Zimene ankaganiza m'njira sanazinene. Mwina agogo ake anapha munthu. Mwina anathawa msonkho. Mwina ankangochita manyazi ndi Chilomwe chawo, monga ambiri ankachitira kale. Walira mvula walira matope. Iye anali atakonzeka kuponda matopewo, bola ulendo uthe.

"Kalinde weniweni anali bambo anga," a Jeremiah anatero.

Analankhula akumangirabe matimati, ngati akufotokoza za mvula ya chaka chatha. Kale, iwo ali mwana, banja lawo linkakhala pa esiteti ya mzungu. Lamulo linali thangata: nyumba iliyonse itulutse mwamuna wokalima fodya wa mzungu, osalipidwa, ndiye ikhale pamalopo ndi kamunda kake. Nyumba yosowa wogwira thangata inkasasulidwa denga.

"Bambo anamwalira chimanga chikulekeza m'mawondo. Amayi anali oyembekezera. Akanatithamangitsa, chimanga chija chikanatsala. Ndiye masiku omwewo panafika mnyamata wochokera kwa Apwitikizi. Ankathawa chikoti. Mapazi otupa, Chinyanja sankachidziwa, pogona analibe. Akuluakulu anakhala pansi n'kugwirizana kuti mlendoyo atenge dzina la bambo. Bambo anga anawaika kutchire mwakachetechete. Panalibe kulira. Panalibe mtumbira. Amayi ankalirira m'nsalu. M'mawa kapitao poitana mayina anati, 'Kalinde.' Mlendo uja anangoti chete, sanadziwe kuti woitanidwayo ndi iye. Mnzake anamuponda phazi lotupa lija. Ndiye anayankha mawu amodzi okha amene anamuphunzitsa: 'Ndilipo.'"

"Kapitaoyo sanazindikire?"

"Kapitao anali ndi maso. Analinso ndi mlongo wake, wamasiye ngati amayi. Mzungu ndiye sankayang'ana nkhope. Ankawerenga makasu."

"Ndiye mlendoyo, agogo angawo, anawakwatira amayi anu?"

"Ana a m'tauni, mutu wanu uli pamodzi basi." A Jeremiah anaseka, mano otsala akuonekera. "Ankawatchula kuti achemwali. Ankagona m'kanyumba ka kuseri, pamodzi ndi nkhuku. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame amenewo anakhala mpaka ine nditakula n'kunyamula ndekha khasu la thangata. Atatero ndi pamene anapita ku Mbombwe kukafuna banja lawo. Pamenepo n'kuti wamsonkho akuwadziwa kuti Kalinde, abusa atawabatiza kuti Kalinde. Dzinalo akanalivula bwanji?"

Trevor anapukuta thukuta. Dzuwa linali pamutu. Funso linatsala limodzi.

"Nanga dzina lawo lenileni?"

"Sindilidziwa."

"Agogo, ndachokera kutali."

"Iwo anachokera kutali kuposa inu. Amayi ankalidziwa, anapita nalo. Ana sitinauzidwe, pakamwa pa mwana palibe chitseko. Nditakula ndinawafunsa, tsiku lina nditatula nandolo. Anangoseka. Anati, 'Linali lolemera, ndinalisiya powoloka Ruo.' Sindinafunsenso."

Mphepo inadutsa m'matimati. Trevor anayang'ana mapazi ake. Masiku onsewa, minibasi zonsezi, kabaza, fumbi. Ankabwerera chimanjamanja kwa munthu amene mpweya ukumuthera.

"Ndingowauza dzina lililonse la Chilomwe," anatero motsitsa mawu. "Ndaona lina pa sitolo pamsikapo. Agone mtima uli m'malo. Sadzadziwa."

A Jeremiah sanamudzudzule. Anamanga mfundo, analuma luzi, analavula.

"Inu ndi ophunzira, mudziwa nokha," anatero. "Ine ndingonena changa. Bambo anga alibe manda. Pamene tinawaika anadzalapo bulugamu, bulugamu anadulidwa, pano pali munda wa wina. Sindingaloze n'chala. Mukalemba dzina la pa sitololo, ndiye kuti mwaika munthu wachitatu. Mukalemba Kalinde, ine ndidzakhala ndi poima."

Anadzuka movutikira. Kumapeto kwa dimba kunali mitengo ya nandolo, makoko atauma. Anathyola, n'kudzaza kajumbo kakuda.

"Dengu sindingathenso kusenza. Kawapatseni a Frackson. Muwauze kuti ndachedwa nazo."

Minibasi ya ku Nguludi inachedwa kudzaza. Trevor anakhala pawindo, kajumbo pamiyendo. Dzina la pa sitolo lija linkamuzungulira m'mutu. Linali dzina labwino, lomveka ngati la mfumu. Analiyeserera pakamwa. Linkatuluka mosavuta.

Anafika nthawi yoona odwala ili pafupi kutha. Bambo ake anali atatsamira pilo, mapewa ngati mitengo ya hang'ala. Maso okha ndi amene anali amoyo.

"Walipeza?"

Trevor anatsegula pakamwa. Dzina lija linali palilime. Kajumbo kanatsetsereka, makoko a nandolo anakhuthukira pabulangeti.

A Frackson anatola khoko limodzi. Analiswa ndi chikhadabo. Ananunkhiza.

"Akadali moyo a Jeremiah?"

"Alipo, ababa. Akuti achedwa nazo."

Ndiye Trevor anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena zonse. Thangata. Maliro opanda kulira. Phazi lopondedwa. Kanyumba ka nkhuku. Mtsinje wa Ruo. Sanawonjezere. Sanachotse. Atamaliza anati, "Dzinalo palibe amene akulidziwa, ababa. Ndalephera."

Bambo ake anatseka maso. Chifuwa chinkakwera, n'kutsika, n'kudikira, n'kukweranso. Trevor anaganiza kuti bola akanangonama.

Belu linalira. Alendo anayamba kusonkhanitsa mbale ndi mafulasiki. Namwino analowa akukankha katebulo ka mankhwala, akuitana odwala mmodzimmodzi.

"A Kalinde?"

Bedi linali zii. Namwino anayang'ana uku ndi uku.

"A Kalinde ndi ati?"

Dzanja la a Frackson linanyamuka pabulangeti, njere za nandolo zili m'chikhatho.

"Ndilipo," anatero.

M'mawa mwake mmisiri anathira madzi m'simenti ya chiliza cha a Kalinde. Trevor anakwera kabaza wa ku Ndunde, wina wopanda wokwera, wokatenga a Jeremiah, akumutsatira pambuyo.